Mpini wa Ndodo Yomenyera Mpira wa Cricket ndi Malamulo Ake

Ndodo yomenyera mpira wa cricket ili ndi zigawo ziwiri: thabwa la mtengo wa willow ndi mpini umene amaulowetsa m'thabwalo ndi kuumata. Mpini amaupanga ndi timitengo ta cane tocokera kum'mwera cakum'mawa kwa Asia, ndipo pakati pake amaikapo mphira. Cane imapindika pang'ono osathyoka, pamene mphira imacepetsa kunjenjemera kofika m'manja mpira ukagunda thabwa. Mpirawo ndi wolimba kwambiri, motero popanda mphira manja akanapweteka.

Makampani ena anayamba kupanga mipini ya carbon fibre, imene ndi yopepuka ndiponso yolimba. Mpini ukapepuka, wopanga angathe kuwonjezera mtengo kumalo omenyera, ndodo yonse osalemera. Bungwe la Marylebone Cricket Club la ku London, limene lisunga malamulo a masewerawa, linaona kuti zimenezi zidzapondereza oponya mpira. Mu 2008 linalamula kuti mpini ukhale wa cane kapena mtengo, ndipo pa ndodo za m'mipikisano ikuluikulu zinthu zina zisapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mpiniwo.

Mkangano wotere unacitikapo kale. Mu 1979 ku Perth, Dennis Lillee wa ku Australia analowa m'bwalo ndi ndodo ya aluminium. Mtsogoleri wa timu ya England, Mike Brearley, anadandaula kuti iwononga mpira, ndipo mu 1980 lamulo linati thabwa likhale la mtengo wokha.