Ophunzira Oyamba a Sukulu ya Jeanes ku Domasi

M'chaka cha 1929 boma linatsegula sukulu ya Jeanes ku Domasi, kufupi ndi Zomba, ndipo mkulu wake anali Mbusa E. D. Bowman. Ophunzira oyamba sanali ana ayi, koma aphunzitsi ochokera ku mishoni zosiyanasiyana. Iwowa anadza ndi akazi awo ndi ana omwe, nakhala m'mudzi wa pasukulupo zaka ziwiri. Amuna anaphunzira kaphunzitsidwe, ulimi ndi ukhondo. Akazi anaphunzira kusoka, kuphika ndi kulera makanda.

Atatsiriza, anabwerera kwawo kukayendera sukulu za m'midzi. Kumeneko ntchito yawo inakula, pakuti nyumba ya mphunzitsi, munda wake ndi chimbudzi chake zinayenera kukhala chitsanzo kwa anthu amene sakanakhulupirira mawu okha.