Queen Latifah: Woyimba Rap Amene Anakhala Mwini Kampani

Mtsikana wa ku Newark

Dana Owens anabadwa pa 18 Marichi 1970 mumzinda wa Newark ku New Jersey, m'dziko la America. Mayi ake anali mphunzitsi, bambo ake wapolisi. Iye akukula, nyimbo za hip hop nazonso zinali kukula chapafupi pomwepo, ku New York. M'nyimbo zimenezi woyimba amalakatula mawu motsatira kugunda kwa ng'oma, ndipo kulakatulako kumatchedwa rap. Mu 1989, ali ndi zaka 19, Dana anatulutsa chimbale chake choyamba, All Hail the Queen, pogwiritsa ntchito dzina loti Queen Latifah. Ambiri amamukumbukira chifukwa cha mawu ake amphamvu. Ine ndikuona kuti chimene chamusunga pamwamba kwa zaka zoposa 30 n'chakuti anazindikira msanga kuti woyimba amene alibe ulamuliro pa ntchito yake amakhala waganyu, ngakhale atatchuka bwanji.

Nyimbo zoyankhula za akazi

M'chimbale choyambacho munali nyimbo yotchedwa Ladies First, imene anayimba ndi Monie Love wa ku London. Mu vidiyo yake, Latifah akuoneka atayima pafupi ndi mapu aakulu a kum'mwera kwa Africa, akuchotsapo tizidole ta amuna achizungu onyamula zikwama n'kumaikapo zibakera. Mukuonekanso zithunzi za anthu a ku South Africa akulimbana ndi boma la tsankho. Tikumbukire kuti chaka chimenecho Nelson Mandela anali adakali m'ndende. Mu 1993 kunatuluka U.N.I.T.Y., nyimbo yodzudzula amuna otukwana akazi m'misewu ndi owamenya m'nyumba, ndipo inapata mphoto ya Grammy mu 1995.

Kodi ndiye anali woyamba?

Ena amati n'kulakwa kumutchula woyambitsa rap ya akazi chifukwa akazi ena anamutsogolera. Apa akunena zoona. MC Sha-Rock ankayimba rap ku Bronx Latifah ali ku pulayimale. Roxanne Shanté anatchuka mu 1984, Salt-N-Pepa anabwera pambuyo pake, ndipo MC Lyte anatulutsa chimbale chake mu 1988. Ngakhale pa nkhani ya bizinesi panali kale Sylvia Robinson wa kampani ya Sugar Hill Records, amene mu 1979 anakonza Rapper's Delight, nyimbo yomwe inafikitsa rap pa mawailesi a m'mayiko ambiri. Mayina amenewa sayenera kuiwalika. Komabe Robinson sanatchuke ngati woyimba rap, ndipo atsikana enawo poyamba ankagwira ntchito pansi pa makampani a eni. Latifah anachita zonse ziwiri: anali pa maikolofoni, analinso pa desiki pomwe mapangano amasainidwa.

Flavor Unit

Dzina loti Flavor Unit linayamba ngati la gulu la achinyamata oyimba amene ankasonkhana kwa DJ Mark the 45 King. Latifah ndi mnzake wa kusukulu, Shakim Compere, analisandutsa kampani. Anayamba ndi kuyang'anira oyimba anzawo, monga gulu la Naughty by Nature, kenako analowa m'mafilimu ndi m'mapulogalamu a pa TV. Kuyambira 1993 mpaka 1998 Latifah ankasewera mu Living Single, sewero la pa TV la akazi anayi akuda a ku Brooklyn, iye monga Khadijah James, mwini magazini. Mu filimu ya Chicago ya mu 2002 anasewera ngati woyang'anira ndende ya akazi, ndipo dzina lake linalowa pa mndandanda wa opikisana mphoto ya Oscar. Koma wosewera amadikira kuitanidwa. Wokonza filimu ndiye amasankha nkhani, amasaka ndalama, amalemba anthu ntchito. Kampani ya Flavor Unit ndi imene inamupatsa Latifah mpando umenewu.

Kodi anathawa hip hop?

Dandaulo lalikulu ndi ili: akuti atalawa ndalama za ku Hollywood anaitaya rap. Amaloza chimbale cha mu 2004, The Dana Owens Album, chomwe ndi cha nyimbo za jazz. Amalozanso Bringing Down the House ya mu 2003, filimu imene iye anali mmodzi wa oikonza, ndipo anthu ena anaidzudzula kuti ikuonetsa mkazi wakuda ngati waphokoso ndi wopanda mwambo. Chidzudzulo chimenechi n'chomveka, ndipo kukhala mwini ntchito sikutanthauza kuti zonse zimene munthu wasankha n'zabwino. Komatu filimuyo inapanga ndalama zambiri, ndipo ku Hollywood ndalama ndi zimene zimachititsa kuti wokonza filimu amvedwe akabwera ndi nkhani ina. Nkhani ya Bessie Smith, woyimba blues wotchuka wa m'ma 1920, inakhala ikudikira kwa zaka zoposa 20 chiyambire pamene Latifah anapemphedwa kuti aisewere. Inatuluka mu 2015 pa HBO, Flavor Unit ili m'gulu la oikonza, wotsogolera filimu ali Dee Rees, mkazi wakuda. Inapata mphoto ya Emmy. Munthu amene amayika mphamvu zake pa mbiri ya woyimba wakuda amene achinyamata ambiri sankamudziwa n'kovuta kumunena kuti wasiya zimene ankayimba mu Ladies First.

Zaka zaposachedwa

Kuyambira 2021 mpaka 2025 anali wosewera wamkulu komanso mmodzi wa okonza The Equalizer pa kanema wa CBS, atapitirira zaka 50, msinkhu umene akazi ambiri ku Hollywood amayamba kusowa ntchito. Mu 2023 analandira ulemu wa Kennedy Center Honors, ndipo anali mkazi woyamba woyimba rap kuulandira.