Nkhoswe ya m'rediyogiramu

M'nyumba zina zakale ku Highlands mukadali rediyogiramu, kabati yamatabwa yokhala ndi wailesi ndi choimbira mbale. Lero agogo amaikapo maluwa ndi zithunzi. Mdzukulu akaifukula, chimene amayamba kuganiza n'kuilumikiza ku sipika zikuluzikulu za masiku ano. Ambiri aipha motero, kenaka n'kumati zakale zilibe mphamvu.

Nkhani imayambira mu 1949, pamene wailesi ya Saucepan Special inafika m'masitolo a Northern Rhodesia. Harry Franklin, mkulu woona zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, ndiye ananyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Inali yabuluu, yooneka ngati poto, ya mavalavu anayi, ndipo inkagulidwa mapaundi 5, batire padera. Ndi imeneyi anthu a m'makomboni anamverapo Alick Nkhata kuchokera ku Lusaka. Kumayadi, kumene magetsi ochokera ku Mosi-oa-Tunya ankafika, kunali rediyogiramu. Zonse ziwirizi mtima wake unali umodzi: valavu, kabotolo kagalasi kamene kamayamba katenthedwa kasanatulutse mawu.

Valavu ndi sipika sizilankhula chinenero chimodzi. Valavu imagwira ntchito ndi mavoti ambiri koma magetsi oyenda pang'ono, ndipo imafuna katundu wa ma ohm masauzande. EL84, imene inatchuka m'zaka za m'ma 1950, imafuna ma ohm pafupifupi 5,000 kuti ipereke mawati 5. Sipika yokha ili ndi ma ohm 8 kapena 4, ndipo za ku Britain zakale zinali za 3 kapena 15. Pakati pa ziwirizi amisiri anaikapo nkhoswe: thiransifoma ya mawu. Waya ukazungulira maulendo 25 mbali ya valavu pa ulendo umodzi uliwonse mbali ya sipika, kusiyana kwake kumakhala 25 kuchulukitsa ndi 25, ndiye 625. Motero sipika ya 8 imaoneka kwa valavu ngati ya 5,000, ndipo ukwati umayenda bwino.

Tsono ikanipo sipika ya 4 pamalo pa ya 8. Valavu iona 2,500 basi: mawu amasasa, mphamvu imachepa, valavu imatopa msanga. Sipika ziwiri za 8 mukazilumikiza mbali ndi mbali zimasandukanso 4. N'chifukwa chake maampulifaya ena anali ndi polumikizira patatu, polembedwa 4, 8 ndi 16. Choopsa koposa ndi kuimba ampulifaya ya mavalavu popanda sipika konse, pakuti mavoti amakwera mpaka kuotcha nkhoswe ija.

Nzeru imeneyi inatayika bwanji? Transistor, imene inatulukira mu 1947 ku America, inadzalowa m'malo mwa valavu m'zaka za m'ma 1960. Yokha imatha kuyendetsa sipika popanda thiransifoma, ndipo mantha ake ndi ena: kuchotsa sipika sikuivuta, koma ma ohm akachepa kwambiri imapsa. Livingstone yemweyu anali ndi fakitale ya ITT Supersonic yolumikiza mawailesi, ndipo m'tauni munali manja odziwa kusiyanitsa makina akale ndi atsopano. Mafakitale a kuno atatsekedwa ndi katundu wakunja atadzaza m'masitolo, amisiri aja anabalalika, ena anakalamba. Anasiya makina, koma malamulo ake anapita nawo.

Choncho ngati kwanu kuli kabati yoteroyo, ku Highlands, ku Maramba kapena ku Libuyu, musathamangire kuiyatsa. M'kati mwake mumakhala mavoti oposa 250, amene angakumenyeni ngakhale mutaizimitsa. Itanani mmisiri, awerenge nambala yolembedwa kumbuyo kwa sipika yakale, ndipo mupeze ina yofanana nayo. Valavu yatsopano ikupangidwabe kunja ndipo ingagulidwe, koma thiransifoma ya rediyogiramu ya agogo ikapsa, kupeza inzake n'kovuta.