Aluya a ku Israel pa Zisankho za Knesset

Aluya amene ndi nzika za Israel ndi mbumba ya Apalestina amene anatsala m'dzikomo nkhondo ya 1948 itatha, pamene anzawo oposa 700,000 anathawa kapena kupirikitsidwa. Otsalawo analipo pafupifupi 150,000. Lero pa anthu asanu alionse a m'dzikolo, mmodzi ndi Mluya. Ambiri ndi Asilamu, ena ndi Akhristu, ena ndi Adruze. Amakhala makamaka ku Galilee, m'matauni a madera ena monga Umm al-Fahm, m'chipululu cha Negev, komanso m'mizinda yokhala mitundu iwiri ngati Haifa, Acre ndi Lod. Ufulu woponya voti ali nawo chiyambire chisankho choyamba cha mu 1949. Aluya ambiri a ku East Jerusalem sali m'gululi, chifukwa ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo chabe osati unzika, ndiye amaloledwa kuvota pa zisankho za khonsolo zokha.

Nyumba ya malamulo ya Israel, yotchedwa Knesset, ili ndi mipando 120. Kumeneko kulibe zoti dera lililonse lisankhe phungu wake. Munthu amavotera chipani, ndipo mipando imagawidwa molingana ndi mavoti amene chipani chapeza m'dziko lonse. Koma chipani chimene sichinafike pa mlingo woikidwa ndi lamulo sichipeza mpando ngakhale umodzi, ndipo mavoti ake amangopita padera. Kwa zaka zambiri mlingowu unali 1 peresenti ya mavoti onse. Unakwera pang'onopang'ono mpaka mu 2014 pamene unafika pa 3.25 peresenti, omwe ndi mavoti okwanira mipando inayi.

Zaka za ulamuliro wa asilikali

M'nyumba ya malamulo yoyamba munali Aluya atatu. Awiri anachokera ku kagulu ka ku Nazareth kogwirizana ndi chipani cholamula cha Mapai, ndipo wachitatu, Tawfik Toubi wa chipani cha chikomyunizimu, anakhala phungu mpaka 1990. Kuyambira 1948 kufikira 1966 madera a Aluya anali m'manja mwa asilikali, moti kupita kukagwira ntchito m'tauni ina kunkafuna chiphaso. Chodabwitsa n'chakuti nthawi imeneyi ndi imene Aluya ankavota mwaunyinji kuposa nthawi ina iliyonse, oposa 80 pa 100 alionse. Chiwerengero chimenechi tisachitenge ngati umboni wa kukhutira. Amene ankapereka ziphaso ndi ntchito ankadziwa bwino mudzi umene wavotera ndani, ndipo akuluakulu a mafuko ankasonkhanitsa mavoti a abale awo n'kuwapereka ku timagulu ta Mapai. Gulu la Al-Ard, limene linayesa kuima palokha, linaletsedwa mu 1964, ndipo mu 1965 anthu ake anakanizidwa kupikisana nawo.

Asilikali atachoka, ambiri anatembenukira kwa akomyunizimu. Pa 30 March 1976 Aluya asanu ndi mmodzi anaphedwa pa zionetsero zokana kulandidwa malo ku Galilee, ndipo chaka chotsatira kunabadwa Hadash, mgwirizano wa Aluya ndi Ayuda wotsogozedwa ndi akomyunizimu. Mu 1988 Abdulwahab Darawshe anatuluka m'chipani cha Labor n'kuyambitsa chipani cha Aluya okhaokha. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 panali magulu anayi amene alipobe: Hadash; Ra'am, yochokera ku nthambi ya kummwera ya gulu la Chisilamu; Balad, imene anayambitsa Azmi Bishara pofuna kuti Israel likhale dziko la nzika zake zonse; ndi Ta'al ya Ahmad Tibi. Nthambi ya kumpoto ya gulu la Chisilamu, pansi pa Raed Salah, inakana zisankho kuyambira 1996 ponena kuti kulowa mu Knesset n'kuvomereza dongosolo limene linawalanda dziko. Adruze ambiri, amene anyamata awo amalembedwa usilikali mokakamizidwa, akhala akuvotera zipani za Ayuda.

Kuvota ndi kunyanyala

Boma la Yitzhak Rabin la 1992 linadalira aphungu asanu a Hadash ndi a chipani cha Darawshe, amene ankaliteteza m'nyumba ya malamulo popanda kulowa m'bomamo. Ambiri amaikumbukira nthawi imeneyo ngati ija voti ya Mluya inali ndi mphamvu. Mu 1999, pamene nduna yaikulu inkasankhidwa payokha, pafupifupi Aluya onse ovota anasankha Ehud Barak, koma iye sanaitane zipani zawo ngakhale kudzakambirana. Mu October 2000 apolisi anawombera n'kupha Aluya 13 pa zionetsero. Pa chisankho cha nduna yaikulu cha mu February 2001, Aluya ovota anangokwana pafupifupi 18 pa 100 alionse.

Apa m'pamene panaonekera chimene chakhala chikubwerezabwereza: Aluya amatuluka kukavota akaona kuti zipani zawo zagwirizana ndipo zingathe kusintha kanthu, akaona kuti palibe, amakhala kunyumba. Onyanyala chifukwa cha mfundo alipo, koma ambiri amangokhala otopa. Umboni wake ndi zisankho za makhonsolo, kumene m'matauni a Aluya anthu amavota mwaunyinji kwambiri, poti kumeneko wopambana amagawadi ntchito ndi malo.

Mlingo wa 3.25 peresenti, umene ambiri ankati cholinga chake chinali kugwetsa zipani za Aluya, unazikakamiza kukhala pamodzi. Mgwirizano wa Joint List, motsogozedwa ndi Ayman Odeh, unapeza mipando 13 mu 2015 ndipo unakhala wachitatu kukula mu Knesset. Tsiku lachisankholo Benjamin Netanyahu, amene anali nduna yaikulu, anatulutsa kanema wochenjeza omutsatira kuti Aluya akukhamukira kumalo ovotera. Mu April 2019 mgwirizanowu unagawikana pawiri, ovota anatsika kufika pafupifupi theka, mipando n'kukhala 10. Atagwirizananso anapeza 13 mu September 2019, kenako 15 mu March 2020, pamene pafupifupi 65 pa 100 alionse anavota. Aphungu onse 15 anapereka dzina la Benny Gantz, wopikisana ndi Netanyahu, kuti apange boma, koma iye anakagwirizana ndi Netanyahu. Mu March 2021, Ra'am itatuluka mu mgwirizanowu, ovota anatsika kufika pafupifupi 45 pa 100 alionse.

Chaka chomwecho mtsogoleri wa Ra'am, Mansour Abbas, anachita chimene chipani cha Aluya choima pachokha chinali chisanachitepo: analowetsa Ra'am, ndi mipando yake inayi, mu mgwirizano wolamula wa Naftali Bennett ndi Yair Lapid. Sanafune unduna. Anafuna ndalama za chitukuko, pafupifupi mashekele 30 biliyoni pa zaka zisanu, nkhondo yolimbana ndi zigawenga zimene zikupha anthu m'matauni a Aluya, komanso kuvomerezedwa kwa midzi ina ya Abedouin a ku Negev imene boma siliiwerengera. Omutsutsa ankati wagulitsa nkhani ya Apalestina ndi misewu ndi magetsi. Bomalo linagwa litangotha chaka.

Palinso chopinga cha lamulo. Kuyambira 1985 bungwe loyendetsa zisankho, lomwe mamembala ake ndi oimira zipani, lili ndi mphamvu yoletsa chipani chokana kuti Israel ndi dziko la Ayuda kapena chotsutsana ndi demokalase. Lakhala likuletsa zipani ndi aphungu achiluya kangapo, monga Bishara ndi Tibi mu 2003 ndi Haneen Zoabi pambuyo pake, koma khoti lalikulu limawabwezera pa mpikisano.

Pa chisankho cha mu November 2022 zipanizi zinaima patatu. Ra'am inapeza mipando isanu, Hadash ndi Ta'al isanunso, ndipo Balad inapeza mavoti oposa 138,000, omwe ndi 2.9 peresenti, n'kulephera kulowa. Mavoti otayikawo, pamodzi ndi a chipani cha Meretz chimene nachonso chinaperewera, anathandiza mbali ya Netanyahu kupeza mipando 64.