Chimkuzamawu

Dzinali lachokera ku "kukuza" ndi "mawu". Pa ukwati ku Nsaru kapena pamsika wa Mpingu, anthu amatchula choncho chilichonse chosokosera, kaya maikolofoni kaya sipika. Komatu chomwe chimakuzadi mawu ndi ampulifaya, bokosi lolandira mawu ofooka n'kuwapatsa mphamvu ya magetsi yokankhira masipika.

Ampulifaya zakale za m'ma 1970, monga Sansui ndi Pioneer, mumazidziwa pozinyamula: thiransifoma yake ndi yolemera zedi. Pogula, iyatseni popanda nyimbo, mutchere khutu. Ikamang'ung'uza, kawirikawiri makapasita ndiwo auma, ndipo wokonza mawailesi amangowasintha. Kuthetheka mukamapotokola voliyumu kusakuopseni, nthawi zambiri limakhala fumbi chabe, lomwe ku Kabudula silisowa m'chilimwe.