Woyimbira

Pa bwalo la mpira, woyimbira ndi amene amaweruza masewero. Mawuwa achokera ku "kuyimba", poti wezulo timayimba monga timayimbira belu kapena ng'oma, ndipo kachidutswa ka -ir- kakusonyeza kuti akuyimbira ena. Anyamata ambiri amangoti lifali.

Dzinali limatchula wezulo yokha, chonsecho mphamvu yeniyeni ili m'thumba la malaya: kadi yachikasu yochenjeza ndi yofiira yotulutsa munthu m'bwalo. Makadiwa ndi nzeru za Ken Aston wa ku England. Mu 1966 pa bwalo la Wembley, wosewera Antonio Rattín wa timu ya Argentina anakanirira m'bwalo atatulutsidwa, posamvana chiyankhulo ndi woyimbira wa ku Germany, ndiye panafunika chizindikiro chomveka kwa aliyense. Makadi anayamba kugwira ntchito mu 1970 ku Mexico.

Kwa Jenala ku Phalombe, ana akamamenya chikulunga madzulo, wezulo kawirikawiri sipakhala, kadi ndiye nkhambakamwa, komabe wamkulu wowalanditsa amatchedwa woyimbira. Ntchito yake ndi ya pakamwa: "Iwe, wamuponda mnzako, pepesa." Ine ndimaona kuti mwana wa sitandade 3 amene wachedwa kuchotsa mwendo sayenera kuweruzidwa ngati wosewera wa Bullets kapena Wanderers. Womenya mnzake dala, ameneyo atuluke ndithu.

Kuyambira 2017, bungwe lokonza malamulo a mpira la IFAB limalola kuti m'masewero a ana, wolakwa mofunika kadi yachikasu akakhale kunja mphindi zingapo kenaka n'kubwereranso.