Ndakatulo zotamanda mafumu

Awa ndi mawu amene wotamanda amafuula pamaso pa mfumu, kutchula makolo ake, nkhondo zimene anamenya ndi mitundu imene anaigonjetsa. M'Malawi muno mwambowu unakhazikika kwambiri pakati pa Angoni, ndipo wofufuza wina, Margaret Read, anasindikiza zina mwa nyimbo zawo mu 1937. Zitamandozi zimanena za wopambana yekha. Koma ogonjetsedwa nawonso ali ndi nkhani yawo: ankhondo a Chikuse, mfumu ya Angoni, atalowa m'dera la Blantyre mu 1884, anthu anasiya midzi ndi nkhokwe zawo n'kuthawira m'mapiri. Mantha awo ndi mbiri yofunikanso kuisunga. Angerezi akale analinso ndi ndakatulo zotchula mafumu: ndakatulo ya Widsith, yopezeka m'buku la Exeter la m'zaka za m'ma 900, imandandalika mafumu ndi mitundu yawo, monga Attila wa Ahuni ndi Eormanric wa Agoti.